Ndinalowerera mdipiti wa maliro pothawa mathiraki

Inu owerenga, ine ndine munthu wosachedwa kupsa mtima ndikakhala pa chiwongolero. Zimenezi sindingakane, akazi anga ndi anzanga a kuntchito ku Limbe akhoza kuchitira umboni. Koma zimene ndinachita Loweruka lina chaka chathachi zinaposa kupsa mtima. Ndinanama pamsewu, bodza lake longogwedeza mutu osatulutsa ngakhale liwu limodzi, ndipo bodza limenelo linanditayitsa ulemu pamaso pa mwana amene ndinkamutenga ngati wanga. Ndalemba izi kuti wina asadzachite uchitsiru wonga wangawu.

Ndimakhala ku Manja. Aliyense amene amayenda msewu wochoka m'tauni kudzera ku Mbayani, ku Chirimba, pa Kameza mpaka ku Lunzu akudziwa mmene mathiraki amatizunzira. Makontena, mathanki a mafuta, ena onyamula simenti, onse pamsewu umodzi womwewo wopapatiza. Thiraki ikafa pachitunda, dalaivala amangothyola nthambi n'kuyala pamsewu, iye n'kukhala pamthunzi pansi pa thirela, inu mukupsa ndi dzuwa m'galimoto. Ine mathiraki ndinkadana nawo kuchokera pansi pa mtima. Koma ndinenenso zoona, ndinkawakondera chinthu chimodzi: ndikachedwa kulikonse, chonamizira chinali pafupi. Kuntchito, mathiraki. Kutchalitchi, mathiraki. Ngakhale tsiku limene ndangodzuka mochedwa, olakwa anali mathiraki basi.

Achemwali anga amakhala ku Lunzu, nyumba yawo ili m'mbali mwenimweni mwa msewu waukulu. Ali ndi mwana wamkazi mmodzi, Tamanda. Bambo ake a Tamanda anamwalira iye ali ku pulayimale, ndipo pa maliro amenewo ine ndinafika anthu akuchokera kale ku manda. Ndinati mathiraki anatseka njira. Analipodi pamsewu, koma nanenso ndinanyamuka dzuwa litakwera. Chifukwa cha manyazi, tsiku lomwelo ndinalonjeza achemwali pamaso pa abale kuti mwanayu sadzasowa bambo ine ndili moyo.

Tamanda atakula n'kupeza mnyamata wa ku Namiwawa, panalibenso zofunsana kuti nkhoswe yake akhala ndani. Ndine ndinalandira amalume ake a mnyamatayo, ndine ndinakambirana nawo zonse mpaka kugwirizana tsiku la chinkhoswe. Anali anthu aulemu koma osunga nthawi moopsa, a mtundu uja wofika kutchalitchi belu lisanalire. Mukudziwa kale kuti pa chinkhoswe akuchimuna amapereka tambala, ife akuchikazi n'kupereka msoti, ndipo opatsana nkhukuzo ndi ankhoswe. Achemwali anati agula msoti pamsika wa Lunzu pomwepo kuti zisavute. Ine ndinakana kwamtuwagalu. Ndinati mwana wanga sangapite kubanja ndi nkhuku yapamsika, ndibweretsa msoti wonenepa wa m'khola mwanga ku Manja. Matama okhaokha, abale.

Lachisanu madzulo Tamanda anandiimbira foni. Anati, “Amalume, chonde mawa munyamuke msanga. Za mathiraki zisadzamveke.” Ndinamukalipira mwanthabwala kuti wayamba liti kulangiza akuluakulu.

M'mawa mwake akazi anga ndi ana anatsogola pa minibasi kuti akathandize zophika. Ine ndinati ndibwera m'mbuyo. Ndinatsukitsa galimoto, ndinakameta, ndinasita suti yanga yakuda, kenaka n'kuyamba kuthamangitsana ndi msoti uja pabwalo chifukwa ndinaiwala kuugwira usiku. Pomwe ndinkaumanga miyendo n'kuuika m'katoni ku buti, dzuwa linali litatsala pang'ono kufika pamutu. Ndinadziuza kuti Lunzu ndi pafupi, ndikangoponda moto ndafika.

Ndinaponda moto wake uti? Nditangodutsa m'tauni, ndisanamalize n'komwe Mbayani, ndinapeza mzere. Kutsogolo mathiraki, kumbuyo mathiraki, maminibasi akudzipanikiza m'mbali, akabaza akudutsa ngati nyerere. Wogulitsa madzi wina anandiuza kuti thiraki yafa kupitirira Chirimba ndipo magalimoto akudutsa mbali imodzi mosinthana. Ndinaliza hutala mpaka chala kuwawa. Ndinatukwana, ine mkulu wa mpingo, mawu oti sindingalembe pano. Foni inalira, achemwali: akuchimuna afika kale, akhala pansi, muli pati? Ndinati ndili pa Kameza. Pa Kameza pake pati, ndili pa Chemusa penipeni, galimoto itazima.

Ndiye ndinamva nyimbo kumbuyo. Poyang'ana pagalasi ndinaona mdipiti wa maliro ukutuluka ku Mbayani, magalimoto onse atayatsa mahazadi, patsogolo galimoto ya bokosi. Chimene chinandidabwitsa n'chakuti mathiraki aja, omwe sapatukira munthu ngakhale mutalira misozi ya magazi, anayamba kudzikokera kumbali imodzi ndi imodzi. Njira inatseguka. Sindinadzifunse chifukwa chake. Ndinangoona mpata pakati pa galimoto yachitatu ndi lole ya anthu olira, ndinayang'ana suti yanga yakuda, chala n'kupita chokha pa batani la mahazadi. Ndinalowa.

Inu owerenga, musandinamize kuti simunaonepo anthu akuchita zimenezi, mwinanso ena mwa inu munachitapo. Zimakoma zikamayamba. Tinkadutsa mzere wonse uja ngati nduna, azibambo a m'mbali mwa msewu akuvula zipewa, kuvulira ine ndi msoti wanga. Mumtima ndinkadziyamikira kuti koma ndiye ndine wochenjera.

Pa Kameza panali apolisi a pamsewu akuwongolera magalimoto. Ndinaona atapatutsa kale galimoto ina imene inayesa nzeru ngati yangayi, mwini wake akuchonderera manja ali pamodzi. Wapolisi mmodzi anasuzumira pawindo langa n'kufunsa mwaulemu kuti, “Bwana, muli nawo pa zovutazi?” Ndinagwetsa nkhope, n'kugwedeza mutu. Anati pepani, pitani bwino.

Sitinayende n'komwe. Titangozungulira pa Kameza, mdipiti wonse unaima. Galimoto imene inali patsogolo panga inali itawira, utsi uli tolotolo ku boneti. Ndisanaganize zoti ndipatuke ndizipita, bambo wina wamtali wovala jekete yotuwa, amene ankayendetsa mwambo wonse, anali atafika kale pawindo. Anaona kuti ndili ndekha m'galimoto yotsukidwa bwino, nkhope yake n'kuwala. Anati Mulungu ndi wabwino, achimwene, mutitengereko amayi a malemu. Ndipo wapolisi yemwe uja, amene ndinamugwedezera mutu, ndi amene anatsegula chitseko chakutsogolo n'kuthandiza mayi wokalamba kukhala pampando. Amayi ena atatu a mpingo analowa kumbuyo. Nanga ndikanati chiyani? Kuti pepani bwana, ndimanama, ine ndikupita kokavina? Bambo wa jekete uja anatsegula buti kuti aikemo mitolo ya amayiwo, anaona katoni ya nkhuku, n'kundiyang'ana mogwedeza mutu ngati wakhutira nane. Tanthauzo la kugwedeza kumeneko ndinalimva mochedwa.

Ndinadzilimbitsa mtima kuti Lunzu si patali. Tikafika kumeneko ndiima, ndifotokoza bwinobwino, amayiwa apeza malo m'magalimoto ena. Tinanyamuka. Amayi akumbuyo anayamba nyimbo, ine n'kumang'ung'udza nawo pang'ono kuti ndisaoneke mlendo.

Tili m'njira, thiraki ina yochokera kutsogolo inaliza hutala wautali, wogonthetsa m'khutu, inzake yakumbuyo n'kulandira. Mkwiyo wa tsiku lonse unandithawa pakamwa. Ndinati anthu a mathirakiwa alibe khalidwe, ngakhale pa maliro sangakhale chete, anthu opanda umunthu. Nyimbo inaduka. Kenaka mayi wokalamba uja anayankhula motsitsa, osandiyang'ana. Anati, “Akutsanzikana ndi mnzawo, bambo. Zuze wanga ankayendetsa thiraki.”

Ha! Ndinalakalaka mpando utandimeza. Mmodzi wa amayi akumbuyo anafunsa kuti kodi inu malemuwa simumawadziwa? Apa ndiye panali poti ndinene zoona. M'malo mwake ndinawonjezera bodza lachiwiri, ndinati tinkadziwana pa za ntchito, ndangosokonezeka ndi chisoni. Mayi aja atamva kuti ndine mnzake wa mwana wawo, anandigwira mkono, ndipo sanausiyenso. Anandiuza kuti makolo awo anachokera ku Mozambique kalekale, n'chifukwa chake Zuze ankakonda ulendo wa ku Beira, ankati akupita kwawo kwa agogo. Anandiuza kuti Zuze anamwalira pochokera ku Beira komweko, pachitunda china, galimoto yaing'ono itatulukira kutsogolo kwake ikupitirira inzake pamalo osaoneka. Iye poilewa kuti asaphe anthu, thiraki inagubuduzika. Galimoto yaing'onoyo sinaime n'komwe. Ine ndinadziona ndekha m'galimoto yaing'onoyo, chifukwa kupitirira pachitunda ndiwo unali mchitidwe wanga wa tsiku ndi tsiku. Kenaka ndinafunsa mochenjera kuti kodi mwambo ukachitikira mbali iti. Anati kumudzi kwa bambo ake, ku Ntcheu. Ku Ntcheu, abale!

Tsopano tinayandikira Lunzu. Patali ndinaona tenti yoyera pabwalo la achemwali, mabaluni pageti, zokuzira mawu zikugunda. Mukudziwa mwambo wathu, maliro akamadutsa chisangalalo chimayamba chaima. Woimba nyimbo anazimitsa zoimbira zake. Anthu onse a mu tenti anaimirira. Amalume ake a mnyamata anavula chipewa n'kuchigwira pachifuwa. Pageti penipeni panali achemwali, akazi anga, ndi Tamanda atavala chitenje chake cha chinkhoswe, foni ili m'manja, onse akuyang'ana kumene ndinayenera kutulukira.

Ndipo ndinatulukiradi. Galimoto yanga amaidziwa ngakhale ali m'tulo. Inadutsa pamaso pawo pang'onopang'ono, mahazadi akuphethira, amayi akuimba za kumwamba m'kati, ine ndili pa chiwongolero ndi suti yakuda. Maso anga ndi a Tamanda anakumana. Phazi langa linachoka pa moto n'kupita pa buleki. Koma mayi aja anali atatsamira paphewa langa akusisima, kumbuyo lole ya olira ili pafupi kundigunda. Ndiime apa, pa tenti ya chisangalalo, ndiwatsitse amayi oferedwa pakati pa mabaluni, ndinene pamaso pa akuchimuna kuti ndinanama kuti ndithawe mzere? Ndinalephera. Ndinabwezera phazi pa moto, n'kudutsa.

Foni inanjenjemera m'thumba kuchokera pa Lunzu mpaka pa Lirangwe osapuma. Sindikanatha kuyankha mayi aja ali pambali panga. Pa Zalewa mdipiti unaima kuti anthu apite kuseri, ndipo ndinathamangira kwa bambo wa jekete uja. Ndinayamba kuti achimwene, pali kavuto pang'ono. Sanandilole kumaliza. Anandikumbatira, n'kunena kuti pakadapanda inu sitikudziwa tikanatani, magalimoto onse adzaza mpaka pakhomo, limbani mtima kwatsala pang'ono. Kuchoka pa Zalewa kukafika ku Ntcheu ati kwatsala pang'ono!

Ndinapita kuseri kwa lole n'kuimbira akazi anga. Anayankha akulira, kufunsa kuti wamwalira ndani, chifukwa achemwali anali atakhala pansi poganiza kuti ndi m'bale wathu ndipo ndikuwabisira. Ndinafotokoza zonse. Nditamaliza anati, “Bambo a ana, mwapenga? Tembenukani pompano.” Ndinati ndikubwera. Nditabwerera ku galimoto ndinapeza mayi aja agona tulo pampando, duku litapendekeka, manja atafumbata chithunzi cha mwana wawo. Amayi akumbuyo anandinong'oneza kuti ndisawadzutse, sanagone chimwalirireni Zuze. Ndinaliza galimoto n'kulondola bokosi. Apa ndisanamizire munthu, ndisanamizirenso mathiraki. Ndinaopa manyazi pamaso pa anthu osawadziwa kuposa kukhumudwitsa anthu anga.

Pa tologeti ya pa Chingeni ndiye mtima unandiwawa zenizeni. Ine ndi mmodzi wa anthu aja amene amalongolola za tologeti paliponse, kumaliro, kuukwati, m'mabasi, kuti tikulipiriranji. Ndinkachita kupewa maulendo a njira imeneyo. Tsiku limeneli ndinaima pamzere mwaulemu pakati pa mathiraki, n'kupisa m'thumba langa kulipira ulendo wopita kumene sindinaitanidwe, kukaika munthu amene sindinamuonepo ngakhale pachithunzi kufikira tsikulo. Mtsikana wa pawindo ataona mahazadi anati pepani ndi zovutazi. Ndinayankha kuti zikomo, ndipo kunena zoona, apa pokha mawu akewo anandiyenera.

Kumudziko ndinaganiza kuti ndingowatsitsa n'kutembenuka. Ayi ndithu. Anandilozera poimika pansi pa mtengo wa mango, lole ija n'kudzaima kumbuyo kwanga, basi yaing'ono pambali, dalaivala wa lole n'kulowa m'gulu la onyamula bokosi. Ndinatsekeredwa. Azibambo anatsitsa mitolo ku buti ine ndikuperekeza mayi aja kusiwa, chifukwa mkono wanga anali asanausiyebe. Anandipatsa mpando kutsogolo, pamodzi ndi madalaivala anzake a malemu, anthu aja ndinkawatukwana pamsewu. Mmodzi anandigawira madzi ake akumwa. Anali anthu ofatsa, maso ali psuu ndi kulira, ena atachoka ku Mwanza osagona kuti adzaike mnzawo.

Itafika nthawi yolengeza chipepeso, ndinamva wolengeza akuti, “Bambo ochokera ku Manja, mnzawo wa malemu, atithandiza ndi galimoto, komanso abwera ndi nkhuku.” Anthu anang'ung'udza moyamikira. Ndinatembenuka kuyang'ana kumene amayi ankaphika, n'kuona nthenga zofiirira za msoti wanga zikuuluka ndi mphepo. Msoti wa Tamanda, umene ndinaudyetsa gaga ndi manja anga, unali ndiwo za adzukulu okumba manda. Ndinangogwira pakamwa, anthu n'kumayesa ndikulira mnzanga.

Ndinachokako mwambo wa kumanda utatha, lole itasuntha. Mayi aja anandidalitsa, anati Zuze anali ndi anzake abwino. Mawu amenewo amandilasabe mpaka lero. Pobwerera ndinalipiranso pa tologeti paja, ndipo njira yonse ndinayenda kumbuyo kwa thanki ya mafuta osayesa n'komwe kuipitirira. Ndikanathamangiranso chiyani?

Ndinafika ku Lunzu usiku. Tenti anali akuigwetsa, mipando ataisanjikiza. Akazi anga sanandilonjere, anangondiuza zimene zinachitika ali chiimire. Akuchimuna anadikira mpaka kutopa, tambala wawo ali m'manja. Amalume ake a mnyamata anafunsa poyera kuti ngati nkhoswe ikudutsa pageti osaima tsiku la chinkhoswe, nanga ana awa akadzayambana pakati pa usiku tidzagogoda kwa yani? Anatsala pang'ono kunyamuka. Achemwali anachita kuwagwadira. Mapeto ake bambo wina woyandikana nawo nyumba, mkulu wa mpingo wawo, ndi amene anaimirira m'malo mwanga, ndipo msoti anachita kukapempha kwa aneba, azimayi ovala zapaphwando akuthamangitsa nkhuku kuseri kwa nyumba alendo akuonerera. Pomwepo abale anagwirizana kuti bamboyo akhale nkhoswe mpaka kalekale.

Achemwali anakana kutuluka kuchipinda. Tamanda ndinamupeza pakhonde lakuseri akuchotsa zokongoletsa m'tsitsi. Ndinakhala pansi, munthu wamkulu ndi suti yanga yafumbi, n'kuyamba kufotokoza. Pakamwa panga panazolowera, moti mawu oyamba kutuluka anali akuti mathiraki. Anakweza dzanja kundiletsa. Sanakalipe, bola akanakalipa. Anati, “Amalume, pa maliro a bambo anga munafika titaika kale. Lero pa maliro a munthu amene simukumudziwa mwafika pa nthawi yake, mwakhala mpaka mapeto.” Atatero analowa m'nyumba n'kutseka chitseko mwakachetechete.

Ukwati unachitika patapita miyezi ingapo. Anandiitana, sanandimane khadi, koma ndinakhala kumbuyo pamodzi ndi anzawo a kuntchito a mkwati. Amene anayenda ndi Tamanda kumupereka kutsogolo anali bambo aja a nyumba yoyandikana. Pano Tamanda akandiona amandipatsa moni mwaulemu wonse, amagwada, amafunsa za ana. Koma zakukhosi kwake amakauza ena. Ndinamva kwa akazi anga kuti ndi woyembekezera, iye sanandiuze.

Inu owerenga, makamaka inu a magalimoto, mathiraki alipo ndipo sachoka. Amatopetsa, amachedwetsa, nanenso mpaka lero ndikakhala kumbuyo kwawo mtima umawira. Koma ngati muli ndi ulendo wofunika, dzukani m'mawa, gwirani nkhuku yanu usiku, nyamukani anthu asanadzaze msewu. Mukachedwa, imbani foni munene pamene muli penipeni, osati pa Kameza muli pa Chemusa. Mdipiti wa maliro musaulowerere, si njira yachidule, muli anthu osweka mitima mmenemo. Ndipo mukapezeka kuti mwanama kale, ululani msanga pamene manyazi ake akadali aang'ono. Ine ndikanangonena pa Kameza paja kuti pepani bwana, ndalakwa, akanandipatutsa, akanandilipiritsa, mwina akanandiseka, koma ndikanafika kwa mwana wanga ndi msoti wake m'manja.

Masiku ano ndikaona mdipiti ukubwera pagalasi, ndimakhala woyamba kupatuka, ndimazimitsa wailesi, ndimadikira mpaka galimoto yomaliza idutse. Ku Lunzu ndimanyamuka m'mamawa, ndipo ndimafika nthawi isanakwane. Koma pageti paja sipakhalanso munthu wondidikira.